Ulenda wa m'zigubu: tizilombo timamata bwanji papulasitiki?

Mayi wa Thobwa ku Kawale:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa. Zigubu zachikasu zija zobwera ndi mafuta ophikira, zimene ambirife timasungiramo madzi, n'chifukwa chiyani zimaterera m'kati? Madzi a pampopi, oyera bwinobwino, chigubu chotseka, koma pakangopita masiku ukapisa chala umamva ulenda. Botolo lagalasi silichita msanga choncho. Kodi ndi pulasitikiyo amene akusungunuka?

Pulambala wa ku Ndirande:
Si pulasitiki ameneyo amayi, ndi ndere. M'mathanki timazipeza nthawi zonse. Ngakhale mutadula paipi yakale ya PVC n'kupisamo chala, mupeza zomwezo.

Aphunzitsi a Sayansi:
Pang'ono pokha achimwene. Ndere sizimera popanda kuwala, ndipo zambiri zimakhala zobiriwira. Za m'thanki yolowetsa dzuwa, eya, ndi ndere. Koma m'paipi yokwiriridwa pansi dzuwa lilowa bwanji? Ulenda wopanda mtundu umene amayiwa akunena ndi mabakiteriya amene amata pakhoma la chigubu, aberekana, n'kudzikuta ndi zomata zimene amatulutsa okha. Dzina lake ndi biofilm. Zoyanga pamano munthu akagona osatsuka m'kamwa ndi biofilm yomweyo. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anapala za pamano ake mu 1683, n'kuziyang'ana pa kagalasi kake kokulitsa zinthu, ndipo anaona tizilombo tikuyendayenda.

Mayi wa Thobwa ku Kawale:
Nanga si madzi a pampopi amathiramo mankhwala? Tizilomboto tikuchokera kuti aphunzitsi?

Aphunzitsi a Sayansi:
Kolorini amapha tambiri koma satha tonse, ndipo madzi akakhalitsa m'chigubu mphamvu yake imazilala. Tina timalowa ndi manja, kapu yotungira ndi fumbi. Tambiri mwa timeneti si toyambitsa matenda. Choopsa n'chakuti ulendawo ukakhazikika, toyipa tikalowamo timapeza pobisala.

Wa Labu ku Leeds:
Ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Funso la amayi lili ndi mbali imene sinayankhidwe: bwanji pulasitiki? Ntchito yanga ndi yoyeza mapulasitiki opangira zipangizo za m'chipatala, ndiye mundilole nditalikitseko.

Tengani mbale yagalasi yotsuka bwino ndi chivundikiro chatsopano cha ndowa ya pulasitiki, mudonthezepo dontho limodzilimodzi la madzi. Pagalasi dontho limayala n'kufalikira. Papulasitiki limadziunjika n'kutukumuka ngati lagwera patsamba la nthochi. Kusiyana kumeneko kukuchokera ku surface energy. Mamolekyu opanga chinthu amakokana. A m'kati amakokedwa mbali zonse, koma a pamwamba penipeni alibe anzawo kumtunda, ndiye amatsala ndi mphamvu yogwirira chilichonse chayandikira. Galasi lili ndi mphamvu imeneyi yambiri, n'chifukwa chake limakoka madzi. Pulasitiki ali nayo yochepa, ndiye madzi amangogwirana okhaokha.

Timaiyeza mu mN/m (mamilinyutoni pa mita), ndipo nambala ikakula ndiye kuti mphamvuyo ndi yambiri. Madzi eniake ali pa 72. Nayiloni ali cha m'ma 46, PET wa mabotolo a zakumwa cha m'ma 43, PVC cha m'ma 39, polyethylene wa zigubu zachikasu pa 31, polypropylene wa ndowa zambiri cha m'ma 30, silicone pakati pa 20 ndi 24, Teflon wa m'mapani osamata aja pakati pa 18 ndi 20. Njira yachidule ndi kuyeza ngodya imene m'mphepete mwa dontho mumapanga ndi chinthucho, nzeru imene Thomas Young analemba mu 1805. Pa Teflon ngodyayo imafika cha m'ma madigiri 110, pa polyethylene imapitirira 90, pagalasi loyera siifika ndi 30 yomwe.

Mukafuna kudziwa chigubu chanu, chitembenuzeni. Pansi pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi nambala m'kati: 1 ndi PET, 2 ndi polyethylene wolimba, 3 ndi PVC, 5 ndi polypropylene.

Pulambala wa ku Ndirande:
Koma ndiye mwandisokoneza bwana. Ngati dontho likukanika kugwira papulasitiki, kachilombo kagwira bwanji? Ine ndikuona ngati pulasitiki ndiye akanakhala waukhondo kuposa galasi.

Wa Labu ku Leeds:
Ambiri amaganiza choncho achimwene. Koma kachilombo sikagwera papulasitiki wouma monga limachitira dontho lija. Kamabwera kali m'madzi kale. Kuti kakhudze khoma, madzi amene ali pakati pa iko ndi khomalo ayenera kuchoka kaye. Pagalasi madziwo agwiritsitsa, kuwasuntha n'kovuta. Papulasitiki wokana madzi sanagwire kwenikweni, amapatuka mosavuta, kachilombo n'kugunda khoma. Ndipo mabakiteriya ambiri ali ndi mbali za khungu lawo zokananso madzi. Zinthu ziwiri zokana madzi zikakumana m'madzi, madziwo ndi amene amazikankhira pamodzi.

Mu 1979 Madilyn Fletcher ndi George Loeb anayesa zimenezi ndi bakiteriya wa m'nyanja yamchere wa mtundu wa Pseudomonas. Anamata wambiri pa Teflon, polyethylene, polystyrene ndi PET. Pagalasi ndi pa mwala wonyezimira wotchedwa mica anamata wochepa kwambiri. Ndiye zimene amayi aona pa botolo lagalasi si maso awo okha.

Mayi wa Thobwa ku Kawale:
Mwamva kodi a Pulambala? Kkkkk

Wophunzira wa ku MUST:
Pepani akuluakulu, ndilowererepo. M'kalasi tinaphunzira za Baier curve, ndipo imati zamoyo zimamata mochepa kwambiri pamene surface energy ili pakati pa 20 ndi 30. Koma inu mukuti mapulasitiki a surface energy yotsika ndiwo amakoka mabakiteriya ambiri. Pamayeso tilembe ziti?

Wa Labu ku Leeds:
Funso labwino mng'ono wanga. Zonse ziwiri n'zoona, kungoti zikuyankha mafunso osiyana. Kuwerenga tizilombo timene tatera pakhoma ndi nkhani ina, kuyeza mphamvu yofunika kuti utichotsepo ndi nkhani inanso. Robert Baier anaona kuti cha m'ma 22 mpaka 24, pamene pali silicone, zomata zimagwira mofooka kwambiri. Zimatera ndithu, koma zimakanganuka msanga. Penti ya silicone yopaka kunsi kwa sitima zapamadzi imagwira ntchito choncho: siipha kanthu, zomera zimamerapo, koma sitima ikathamanga madzi amazikokolola.

Palinso china chimene Absolom ndi anzake analemba mu 1983. Simungayang'ane pulasitiki yekha. Pali zinthu zitatu: pulasitiki, khungu la bakiteriya, ndi madzi amene zonsezo zilimo. Surface tension (ndilo dzina la surface energy ija tikamanena za zamadzimadzi) ya madziwo ikaposa ya bakiteriya, monga zimakhalira m'madzi wamba, bakiteriya amamata kwambiri pa mapulasitiki a surface energy yotsika. Mukaitsitsa mpaka kuchepera ya bakiteriya, zinthu zimatembenuka. Pamayeso lembani zimenezo, mukhoza.

Aphunzitsi a Sayansi:
Tisaiwale magetsi. M'madzi wamba khungu la mabakiteriya ambiri limakhala ndi chaji ya negative, mapulasitiki ambiri chimodzimodzi. Ndiye akamayandikirana pali kukokana kofooka kwa van der Waals, palinso kukankhana kwa machaji ofananawo. Masamu ake anachita Derjaguin, Landau, Verwey ndi Overbeek m'zaka za m'ma 1940, n'chifukwa chake amati DLVO, kutenga zilembo zoyamba za maina awo. Iwo sankaganiza za mabakiteriya, ankaganiza za tinthu tating'ono toyandama m'madzi. Kevin Marshall ndi anzake mu 1971 ndi amene anasonyeza kuti bakiteriya amamata m'magawo awiri. Poyamba amangoyandama pafupi ndi khoma akunjenjemera, ndipo kutsukuluza kokha kumamuchotsa. Pakapita maola amatulutsa timaulusi ndi zomata zowoloka kampata kotsalako, ndipo apa kutsukuluza sikuthandizanso.

Mlangizi wa Zaumoyo ku Nsanje:
Kwathu kuno mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Kodi mcherewo sungathandize kupha tizilombo m'zigubu?

Wa Labu ku Leeds:
Mchere wa m'mjigo ndi wochepa kwambiri kuti uphe kanthu achimwene. Pa nkhani ya kumata umathandiza tizilomboto. Mchere umaphimba machaji aja aphunzitsi anena. M'madzi a mchere wochepa kwambiri kukankhana kumamveka patali pafupifupi mananomita 10 (mu milimita imodzi muli mananomita miliyoni imodzi). M'madzi a mchere wofanana ndi wa m'magazi sikufika ndi nanomita imodzi yomwe, ndiye bakiteriya amafika pafupi popanda chomutchinga. Kashiyamu wa m'madzi aja okanika kuchita thovu amawonjezeranso, chifukwa ali ndi chaji ya positive iwiri, amagwira bakiteriya mbali ino pulasitiki mbali inayo.

Anesi a ku Wodi ya Abambo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo. Mwati silicone ndiye pamene zomata zimagwira mofooka. Ife timaika makatheta a mkodzo, ena a labala, ena a silicone yeniyeniyo. Onsewo akakhalitsa timawatulutsa atayanga, ena atatsekeka ndi timiyala. Manambala anuwo akutithandiza chiyani?

Wa Labu ku Leeds:
Achemwali mwagunda pamene pamatipweteka ife a m'labu. Manambala ndapereka aja ndi a pulasitiki watsopano, woyera, wouma. Mukangomulowetsa m'thupi, pasanathe mphindi zochepa mapuloteni a m'magazi kapena a mumkodzo amakhala atamukuta kale. Mapuloteni ndi aang'ono kwambiri kuposa bakiteriya, amafika msanga. Bakiteriya akamabwera sapezanso silicone, amapeza mapuloteni. Ndipo pamenepo sadaliranso surface energy, ali ndi zida zake. Bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus ali ndi mapuloteni a pakhungu ogwira mwachindunji mapuloteni a m'magazi otchedwa fibrinogen ndi fibronectin. E. coli ali ndi timaulusi tokhala ndi puloteni ya FimH kunsonga, yogwira shuga wotchedwa mannose, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti madzi akamamukoka m'pamene amagwiritsitsa. Timiyala mukunenato kawirikawiri ndi ntchito ya bakiteriya wotchedwa Proteus mirabilis. Amaswa urea wa mumkodzo n'kutulutsa ammonia, asidi wa mumkodzo amachepa, kenako kashiyamu ndi magineziyamu zimaundana m'kati mwa biofilm mpaka kachubu kutsekeka.

Anesi a ku Wodi ya Abambo:
N'chifukwa chake timalimbana ndi achibale amene amafuna katheta ikhalebe kuti asavutike kusintha zofunda. Tsiku lililonse katheta ili m'thupi, mwayi woti mabakiteriya apezeke mumkodzo umakwera ndi 3 mpaka 7 pa 100 aliwonse. Ukatha mwezi, pafupifupi wodwala aliyense amakhala nawo. Palibe pulasitiki amene waposa kuichotsa nthawi yake ikakwana.

Wa Labu ku Leeds:
Ndikuvomereza ndi manja awiri. Ndipo ndiwonjezere chimene chimatichepetsa ife okonda kuyeza madontho. Mu 2012 gulu la pa University of Nottingham, la Morgan Alexander ndi Paul Williams, linadontheza mitundu mazanamazana ya mapulasitiki pa timagalasi, n'kuyesa Pseudomonas aeruginosa, Staphylococcus aureus ndi E. coli pa yonseyo. Ngodya ya dontho la madzi siinathe kulosera pulasitiki amene akane mabakiteriya. Amene anapambana anapambana chifukwa cha kapangidwe ka mamolekyu ake a pamwamba. Ine maganizo anga ndi akuti surface energy imalamulira zinthu ziwiri: mphindi zoyambirira, ndi kuvuta kwa kutsuka pambuyo pake. Za pakatipo mwini wake ndi bakiteriya. Aliyense wokugulitsani chidebe n'kumati tizilombo sitimatapo chifukwa madzi amangoterereka, mufunseni ngati anachiyesa chitakhala ndi madzi mwezi wathunthu.

Wophunzira wa ku MUST:
Ndiye palibe chimene chimagwira ntchito?

Wa Labu ku Leeds:
Zilipo, ndipo zina zimachokera mbali inayo. Pali zokutira zokonda madzi kwambiri, monga polyethylene glycol, zimene zimagwira madzi mwamphamvu moti puloteni imasowa potera. M'labu zimachita bwino, vuto ndi kukhalitsa. Ena amasema timizere tating'ono potengera khungu la shaki, monga Sharklet ya Anthony Brennan wa ku University of Florida. Gulu la Joanna Aizenberg ku Harvard mu 2011 linapanga khoma lonyowetsedwa ndi mafuta apadera osachoka, potengera chomera china chodya tizilombo. Zonsezi n'zodula, za m'chipatala ndi m'mafakitale. Sizifika pachigubu cha pamsika.

Aphunzitsi a Sayansi:
Kongowonjezera, kuti muone kuti tikulimbana ndi ndani. Pali bakiteriya wa m'mitsinje ndi m'madzi a m'mipopi, Caulobacter crescentus, wosadwalitsa munthu. Mu 2006 akatswiri a ku Indiana University ndi Brown University anayeza guluu wake n'kupeza kuti kumukanganula kumafuna pafupifupi manyutoni 70 pa sikweya milimita imodzi, kuposa guluu wamphamvu wogula m'sitolo. Ndipo amamata ali m'madzi, pamene guluu wathu amafuna pouma.

Pulambala wa ku Ndirande:
Ameneyo ndimulembe ntchito, azindimatira majoini kkkk

Mayi wa Thobwa ku Kawale:
Zikomo nonse, koma tibwerere kukhitchini. Ife potsuka chigubu timathiramo mchenga kapena timiyala ndi sopo, n'kukhutchumula mpaka mkono kuwawa. Ndowa timakwecha ndi sitiliwulu. Tikulakwitsa?

Wa Labu ku Leeds:
Sitiliwulu papulasitiki ayi ndithu amayi. Bakiteriya ndi wotalika maikulomita 1 kapena 2 (mu milimita imodzi muli mamaikulomita 1,000), pamene tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi cha m'ma 70. Kamzere kamene diso lanu likuona pandowa, kwa iye ndi malo okwana mazanamazana, ndipo chinkhupule chimangodutsa pamwamba. Akatswiri a mano Bollen ndi Quirynen mu 1997 anapeza kuti kukhakhala kukapitirira maikulomita 0.2, zoyanga zimayamba kuchuluka. Mchenga ndi wolimba kuposa polyethylene, ndiye kukhutchumula kulikonse kumachotsa ulenda wa lero n'kusema malo a ulenda wa mawa. Galasi ubwino wake wina ndi womwewu, silikalika msanga.

Mlangizi wa Zaumoyo ku Nsanje:
Apa ndiye sindikugwirizana nanu kwenikweni bwana. Chigubu cha malita 20 kukamwa kwake dzanja sililowa, ndipo burashi yaitali kumudzi kuno muipeza kuti? Ndikauza mayi kuti asiye mchenga popanda kumupatsa china, asiya kutsuka kumene. Ulenda wokhuthala ndi woipa kuposa timizere. Komanso kolorini mukamuthira pa ulenda wosakwecha amathera pamwamba pake, a pansi osakhudzidwa.

Wa Labu ku Leeds:
Pa kolorini mukunena zoona, kukwecha kuyambe, mankhwala pambuyo. Koma pali zofewa zimene zingalowe m'malo mwa mchenga. Kansalu koyera kapena chinkhupule chodula tizidutswa, kuponyamo ndi madzi a sopo otentherako n'kukhutchumula, kapena kumanga kansaluko kunsonga ya kamtengo. Ndipo mukamatsuka pafupipafupi, ulenda usanakhwime, mchenga sufunika n'komwe.

Mlangizi wa Zaumoyo ku Nsanje:
Kansalu pakamtengo ndingakaphunzitse, bola kazichapidwa n'kuyanikidwa, apo ayi ndiko kabweretse tizilombo. Koma ndinenebe kuti kukamwa kochepako kumene kukutivutitsa potsuka n'kumenenso kumatiteteza. Kuno ku Nsanje, pamsasa wa Nyamithuthu pamene pankakhala anzathu othawa nkhondo ku Mozambique, mu 1993 anayesa kugawa ndowa za malita 20 zokhala ndi chivundikiro ndi kamlomo kothirira, zoti dzanja kapena kapu zisalowemo. Madzi ake anali abwino potuluka pachitsime, ankaipitsidwa makamaka ndi manja a anthu owatunga. M'mabanja olandira ndowazo mabakiteriya a m'chimbudzi m'madzi anatsika ndi 69 pa 100, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka 5 kunatsika ndi 31 pa 100. Kolera wa 2022 mpaka 2023 uja, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, tinkalalikira zomwezo khomo ndi khomo: thirani WaterGuard kapena kolorini wa kuchipatala monga mwauzidwira, dikirani mphindi 30, musapise kapu.

Aphunzitsi a Sayansi:
Vibrio cholerae, bakiteriya woyambitsa kolera, naye ndi katswiri womata. M'chilengedwe amakakamira pa zikamba za tizilombo tating'ono ta m'madzi. Rita Colwell ndi anzake anagwiritsa ntchito khalidwe lomweli ku Matlab, Bangladesh: amayi ankasefa madzi ndi nsalu yakale ya sari yopinda kanayi, tizilombo tonyamula kolerato n'kutsalira pansalu. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2003 zinasonyeza kuti kolera anatsika ndi 48 pa 100.

Pulambala wa ku Ndirande:
Nanga kuyanika chigubu padzuwa? Ine ndimaona zigubu ndi mathanki okhala padzuwa amatuwa, ukakhudza pamatsala ufa m'manja, kenako amang'aluka.

Wa Labu ku Leeds:
Kuumitsa n'kwabwino, biofilm imadalira chinyezi. Vundikirani chigubu chozondoka, chotsegula, madzi onse atsike. Koma kuchisiya padzuwa miyezi ndi miyezi n'kumene kumabweretsa ufa mukunenawo. Kuwala kwa UV kumadula mamolekyu a polyethylene n'kulowetsamo okosijeni. Surface energy imakwera, dontho limayamba kuyala pamene kale linkatukumuka. Mwina wina anganene kuti ndiye bwino, chafanana ndi galasi, koma pamwambapo pamakhala patasweka timing'alu tosaoneka, ndipo timing'aluto ndi timene timapambana. Chigubu chikafika potuwa choncho chipite ku ntchito zina, chisasungenso madzi akumwa.

Amayi a thobwa, kwa inu pali chinanso. Mafuta ophikira amagwirizana kwambiri ndi polyethylene chifukwa zonse n'zokana madzi, ndiye chigubu chatsopano chimafuna sopo ndi madzi otentherako kangapo mafutawo asanathe. Ndipo chidebe cha thobwa chisasinthane ndi cha madzi akumwa. Ufa ndi chimera zimasiya zokutira pakhoma ngati mapuloteni a pakatheta aja, kuphatikiza apo n'chakudya cha tizilombo.

Wabutchala wa ku Mchesi:
Ndafika kumapeto koma ndifunse nawo. Pa thabwa lodulira nyama, labwino ndi liti, la pulasitiki loyera lija kapena la mtengo?

Wa Labu ku Leeds:
Mkangano umenewo ndi wakale achimwene. Dean Cliver ndi anzake ku University of Wisconsin mu 1994 anapeza kuti pa thabwa la mtengo mabakiteriya amamwerera m'kati ndipo ochepa ndi amene amapezekanso pamwamba, pamene papulasitiki amatsala amoyo pamwamba pomwepo. Pulasitiki watsopano amatsukika bwino, koma wodzaza ndi mabala a mpeni ndi wovuta kumuyeretsa ndi manja. Mafuta a nyama amakakamiranso pa polyethylene monga ndanenera za chigubu. Malamulo a malo ogulitsira zakudya m'maiko ambiri amakondabe pulasitiki chifukwa amapirira madzi otentha kwambiri ndi kolorini. Ngati muli ndi la pulasitiki, likadzaza mabala lipaleni ndi pulena kapena ligulidwe lina, ndipo la nyama yaiwisi lisakhudze zakupsa.

Wabutchala wa ku Mchesi:
Langa ndi chipika cha mtengo, chikwanje chimagwa pamenepo tsiku lonse. Pulasitiki sangalimbe sabata.

Mlangizi wa Zaumoyo ku Nsanje:
Chipikacho muzichipala madzulo aliwonse mpaka mafuta ndi magazi zichoke, muthirepo mchere wambiri, chigone pouma chosavundikira ndi pepala la pulasitiki. Chikayamba ming'alu yolowa chala, chekani pamwamba pake ndi sowo kuti patuluke mtengo watsopano.